Wachinayi wa m'Ng'anjo

Amuna anga anapita kusukulu ya Baibulo kutsidya kwa nyanja dzinja limodzi lokha, ndipo anabwerako ndi chifuwa ndi liwu limodzi la Chiaramu. Chifuwacho ndinachithetsa ndi mandimu ndi uchi. Liwulo ndiye linakhazikika m'nyumba mwathu ngati mlamu wosowa kopita, ndipo lilimo mpaka lero.

Kwathu ndi ku Nkhotakota tonse awiri, koma ukwati wathu wakulira ku Mbamba Bay. Ine ndimagula usipa kumaboti, umene kuno amati dagaa, n'kuuyanika pathandala, ukauma n'kugulitsa kwa a malole ochokera kumtunda. Iwo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya munthu wina, tepi ili m'khosi, magalasi ali pamphuno. Lamulungu ankalalikira m'katchalitchi kathu ka malata momwe timapempheramo ife a ku Malawi, poti munthu amalapa bwino m'chilankhulo chimene anachimwira.

Ndinene poyera, anali munthu wamantha. Nkhuku pakhomo pathu ndinkapha ndine, iwo atazembera kuseri kwa bafa kukayendera mapapaya. Galu wa aneba akauwa ankabwerera n'kukadzera njira ya kumsika. Bwato sanakwerepo, ndipo ulendo wa pasitima wopita kusukulu kuja anauyenda atakumbatira ndowa. Ndinkawakonda, ndinkawasekanso, ndipo ziwirizi sizinkalimbana mumtima mwanga.

Liwu lija linali lakuti shezibu. Ankalitchula pang'onopang'ono, ngati akumeza chinthu chotsekemera, ndipo ulaliki uliwonse, kaya wa ukwati, kaya wa maliro, kaya wa masika, unkakathera pomwepo.

"Abale anga," ankatero, "ichi si Chiheberi ayi. Ndi Chiaramu, chimene ankayankhula kubwalo la mafumu a ku Babulo, chomwenso Ambuye ankayankhula pakhomo pa amayi awo. M'Baibulo lathu analemba kuti kulanditsa, ndipo sanalakwe. Koma mvetsani bwino. Shezibu si kumanga mpanda kuti fisi asalowe. Fisi walowa kale, mbuzi ili kale kukamwa kwake. Shezibu ndi kupisa dzanja pakati pa manowo n'kuikwatula."

Kenako ankatiuza za mafumu awiri. Ina inaopseza anyamata atatu kuti iwaponya m'ng'anjo, n'kufunsa modzitama kuti ndi mulungu uti angawachotse m'manja mwake. Ina inafuna yokha kuchotsa bwenzi lake kudzenje la mikango, inavutika mpaka dzuwa kulowa, n'kulephera ndi ufumu wake womwe. Choncho, ankatero amuna anga, mawu awa mwini wake ndi Mulungu, munthu amangobwereka. Ndipo Mulunguyo salanditsa ataima patali. Mfumu ija itasuzumira m'ng'anjo inaonamo anthu anayi, pomwe inaponyamo atatu. Wolanditsa amalowa momwe muli motomo.

Anthu ankati ameni. Ana a pagombe anaphunzira liwulo osadziwa tanthauzo lake, ndipo akawaona akudutsa ankawafuulira nalo, iwo n'kuwakwezera chipewa.

Tsiku lina tikudya nditawamva ulaliki womwewo kachikwi, ndinawafunsa.

"Abambo, mukuti mfumu inaona anayi. Inaitana atatu, atatuwo n'kutuluka osapsa ndi tsitsi lomwe. Nanga wachinayi uja?"

"Anali wochokera kumwamba, amayi."

"Sindinafunse kwawo. Ndafunsa ngati anatuluka."

Anasamba m'manja, anatenga Baibulo, ananyambita chala, anatsegula. Anawerenga chamumtima milomo ikugwedezeka, anabwerera m'mbuyo, anawerenganso. Ndiwo zinazizira.

"Sanalembe," anatero potsiriza.

"Ndiye dzinja lonse lija munkaphunzira chiyani?"

"Ndifufuza, amayi."

Kuyambira pamenepo ndinapeza mkwapulo wanga. Akachedwa kubwera kuntchito ndinkawalandira pakhomo ndi funso lakuti, "Mwamupeza wachinayi uja?" Akaiwala kugula mchere ndinkati mwina anautenga ndi wachinayi. Ankaseka, koma ndinkaona kuti funsolo linkawadya, chifukwa nthawi zina ndinkawapeza atasiya makina osokera, akuyang'ana tsamba lomwe lija.

Chaka chimenecho mlongo wanga wamng'ono anawoloka nyanja kudzakhala nafe. Ndine ndinamulera amayi athu atamwalira, ndinamubereka kumsana, ndinamutafunira chinangwa. Anali atakula, bambo wa ndevu, wodziwa usipa kuposa dzina la agogo ake. Mmalawi wina amene anali ndi boti la injini ndi khoka la chilimira anamulemba kuti azitsogolera asodzi ake, iye mwini atapita kwawo kukadwazika mkazi. Asodziwo anali eni dziko, ena a pano, ena a ku Mbaha. Mlongo wanga Chiswahili ankachidziwa cha moni ndi chotukwanira basi.

Pagombe pathu pali lamulo limene silinalembedwe paliponse. Boti likataya munthu panyanja, nsomba za ulendo umenewo sizikhudzidwa. Sizigulitsidwa, siziyanikidwa, ngakhale mphaka sapatsidwa. Wotsogolera boti amatsika yekha, amapita kwa akuluakulu a pagombe kukanena, ndipo nsombazo amazinyamula zonse kupita nazo kunyumba ya maliro. Amati ukagulitsa ndiye kuti wasinthanitsa munthu ndi nsomba. Aliyense wobadwira kuno amadziwa zimenezi, ndipo ife okhalitsa tinazidziwa poona. Mlongo wanga palibe anamuuza. Tsoka silinunkha, ndani akanaganiza zokhazika munthu pansi n'kumuphunzitsa za tsiku loti wataya mnzake?

Mmawa wa tsiku la tsokalo mwera unali utaomba. Boti lawo linafika mochedwa, dzuwa litakwera, litazama ndi usipa mpaka m'milomo. Ine ndinali kuthandala kwanga chapatali, ndipo nditaliona ndinanyada. Ndinauza mnzanga woyanika naye kuti, "Taonani, akwathu akamapha amapha chonchi."

Sindinadziwe kuti pokoka khoka mnyamata wina wa ku Mbaha anakodwa mwendo ndi chingwe, funde n'kumugwetsera m'madzi, osatulukanso. Anamufunafuna mpaka kutopa. Boti litangogunda mchenga, asodzi enawo anadumpha n'kumwazikana, wina ali ndi foni kukhutu. Mlongo wanga anatsala yekha, atakhala kutsogolo kwa boti, manja ali pamutu, osatha kutulutsa liwu. Tsono amayi ogula nsomba sitidikira kuitanidwa. Boti likamafika timalowa m'madzi mpaka m'chiuno, aliyense n'kuponya chitenje chake pamulu umene waufuna, mtengo tidzakambirana pambuyo. Amayi anaponya zitenje, anatunga ndi mabeseni, anathamangira kumathandala. Iye anangowayang'ana. Posakhalitsa usipa wa ulendo umenewo unali utayala gombe lonse, ukung'anima padzuwa.

Abale a womira uja anafika panjinga zamoto, atatuatatu panjinga imodzi, ena akuthamanga pambuyo. Anabwera kudzalira. Koma chimene anaona atangotsika chinali usipa pathandala lililonse, ndi munthu wachilendo atakhala pa boti lopanda kanthu.

Amalume ake a malemuyo, bambo wamtali wa chipsera pachipumi, ndi amene anayamba. Anatapa usipa m'manja, anapita nawo kwa mlongo wanga, n'kumupaka kumaso.

"Umemuuza! Wamugulitsa mwana wathu chifukwa cha dagaa!"

Mlongo wanga anatsegula pakamwa, koma Chiswahili chake chonse chinathawa. Anangoti, "Pepani, pepani." Anamukoka mwendo, anagwa chagada, mutu n'kumenya m'mphepete mwa boti. Wina anafuula kuti, "Piga! Menyani!" ndipo gombe lonse linayankha.

Ndaonapo anthu akumenyana kumowa, ndaonapo wakuba akuthamangitsidwa pamsika. Izi zinali zina. Anazula nkhafi m'mabwato, anathyola mitengo ya mathandala, wina anabwera ndi mwala umene amamangirira boti. Anthu amene ndinkagula nawo tomato, amene ndinavina nawo paukwati, nkhope zawo zinasanduka za anthu osawadziwa. Mlongo wanga anadzipinda pamchenga, mikono itaphimba mutu, ndipo nkhafi zinkatsika pamsana pake mosinthana ngati amayi akusinja pamtondo umodzi.

Ndinathamanga. Woyamba amene ndinamupeza ndinamuluma pamkono mpaka ndinamva mchere wa magazi ake. Anandimenya chigongono pakamwa, dzino ili lakutsogolo linatsala pomwepo. Ndinadzuka, ndinagwira wina malaya, ndinang'amba. Amayi awiri anandigwira m'chiuno n'kundikokera kumbuyo, akuti, "Mama, utakufa bure, ufera zachabe." Ndinawatukwana iwo, amayi awo ndi agogo awo, m'zilankhulo zonse zimene ndimadziwa. Chibale ndi fupa, sichiwola. Amene ankaphedwa pamenepo anali mwana amene ndinamutafunira chinangwa, ndipo ndinkaona wina akubwera ndi chigubu cha petulo wa injini.

Ndinakuwa kumwamba. Sindinapemphere mwaulemu ayi. Ndinati, "Inu amene amakutamani Lamulungu lililonse, muli kuti? Dzanja lanu lija lili kuti?"

Ndipo ndinawaona amuna anga akutsika kuchokera kumsika.

Sankathamanga, poti sanathamangepo chibadwire. Ankayenda kachangu kawo ka masiku onse, tepi ili m'khosi, ulusi woyera utamatirira pathalauzi. Mumtima ndinati, Ambuye, ndapempha dzanja, mwanditumizira telala. Atafika pa bwato lina lovundikira anavula magalasi, anawapinda bwinobwino, anawaika pamwamba pake. Chimenecho chimandipwetekabe. Munthu wovula magalasi amakhala akudziwa chimene akupita kukakumana nacho.

"Jamani, subirini," anatero ndi kamawu kawo. "Dikirani, abale anga."

Palibe anamva. Wina anawakankha osawayang'ana n'komwe, anagwa, anadzuka. Ndinkayembekeza kuti ayamba kulalikira, awauze za mafumu a ku Babulo. Sanatero. Anagwada, anakwawa pakati pa miyendo ya anthu ngati mwana, anafika pamene panali mlongo wanga, n'kugona pamwamba pake. Anali oonda moti sanamuphimbe yense. Anatambasula mikono, anakumbatira mutu wa mlamu wawo, n'kuika mutu wawo pamwamba.

Nkhafi sizinaime. Anthu akayamba kumenya, manja amapitirira okha. Ndinamva nthiti zikuthyoka. Ndinaona mkono wawo wamanja, wogwirira lumo, utapindika pamalo pamene palibe mfundo. Sanakuwe. Pa nkhonya iliyonse ankangotulutsa mpweya, koma sanasunthe. Wina anawagwira mwendo kuti awachotse, iwo n'kukanirira, munthu amene sankatha kugwira nkhuku. Kenako amalume aja anakweza nkhafi ndi manja awiri, akulunjika mutu wa mlongo wanga, n'kuitsitsa cham'mbali mwake mwakuthwa. Inapeza mutu umene unali pamwamba. Phokoso lake linali ngati la dzungu logwa pathanthwe.

Pamenepo nkhafi zinaima. Magazi anatuluka m'khutu ndi m'mphuno, anayenderera pa tepi ija, miyendo inagwedezeka pang'ono n'kuleka. Wina anati, "Ni fundi. Ndi atelala." Amuna anga ndi amene anawasokera mayunifolomu a ana awo. Suti imene womira uja anakwatira nayo inasokedwa ndi manja omwewo. Wa chigubu uja anachiika pansi mwakachetechete. Nkhafi zinagwa pamchenga imodziimodzi, ndipo anthu anayamba kuchoka chobwerera m'mbuyo, aliyense akuyang'ana kwina. Apolisi pofika anapeza ine, amayi awiri aja, ndi anthu awiri, wina atagona pamwamba pa mnzake.

Kuti timuchotse mlongo wanga pansi pawo tinachita kutanyula zala zawo chimodzichimodzi.

Mlongo wanga anatuluka ndi msana wotupa, chala chimodzi chothyoka ndi bala la pamutu limene tsitsi linabisa. Mtembo wa mnyamata uja unakapezeka chakumpoto, kufupi ndi Lituhi, chingwe chili m'mwendo, ndipo aliyense anaona kuti palibe anamugulitsa. Mlongo wanga sanadikire zimenezo. Anakwera sitima yoyamba kubwerera kwathu. Lero ali ndi maboti akeake, mimba yatuluka, ana ali kusekondale. Amaimba foni pa Khirisimasi, amafunsa kuti, "Alamu ali bwanji, achemwali?" Ndikamuyankha amati netiweki ikuvuta. Sindimuda. Ndinapempha kuti akhale ndi moyo, ndipo ali nawo wonse, wosanunkha ndi utsi womwe.

Amuna anga sanafe. Anakhala kuchipatala cha kumtunda mpaka mvula inayamba, kenako tinabwera nawo kunyumba titawanyamula pamatiresi. Mbali yonse ya kumanja inafa, mkono, mwendo, ndi theka la nkhope. Mawu anapita. Munthu amene ankatchula Chiaramu ngati akumeza uchi anatsala ndi kubuula kumodzi kokha, komwe ndimachita kumasulira ndekha ngati akufuna madzi, kapena kutembenuzidwa, kapena chikho chokodzera. Makina osokera ndinawaphimba ndi chitenje. Magalasi aja mwana wina anawatola pa bwato paja n'kundibweretsera, osasweka ngakhale pang'ono.

A mpingo anabwera kudzatiyendera. Anaimba, anapemphera, kenako mkulu wina anadzuka n'kunena kuti tithokoze Mulungu amene walanditsa mlongo wa amayiwa m'manja mwa anthu olusa, monga momwe mtumiki wakeyu ankatiphunzitsira. Anayesa kutchula liwu lija, analipotoza. Ine ndinali pakhomo ndi tsache. Ndinawafunsa kuti, "Nanga awa agona apawa, awalanditsa ndani?" Anati, amayi, musamuyese Mulungu. Ndinati tulukani. Anatuluka akupunthwa pa nsapato zawo, ndipo sindinapepese mpaka lero.

Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo sunathe. Ndinakwiyira anthu a pagombe, amene mawa lake anadzanso kudzagula ndi kugulitsa ngati sipanachitike kanthu. Ndinakwiyira Mulungu, amene ali ndi angelo osawerengeka koma anasankha kubwereka msana wa telala woonda. Ndinakwiyira amuna anganso. Powasambitsa ndinkawakalipira, ndinkati, "Munati mawu aja mwini wake ndi Mulungu, munthu amangobwereka. Ndani anakutumani kukabwereka? Simukanaitana apolisi? Simukanakuwa muli patali ngati anzanu?" Ankandiyang'ana ndi diso lawo lamoyo, madzi akutsika m'tsaya. Ndinkadziwa yankho lake. Akanaima patali, bwenzi ndikulira mlongo wanga wopsa ndi petulo.

Amayi ake a mnyamata womira uja anabwera kamodzi kuchokera ku Mbaha, atasenza ufa wa chinangwa. Anakhala pansi pakhonde, anawayang'ana amuna anga nthawi yaitali. Anati, "Pole, baba. Pepani." Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti mwana wawo palibe anamugonera pamwamba, anapita yekha m'madzi. Ndinakhala pansi pambali pawo. Tinalira tonse awiri, ndipo ufawo ndinalandira.

Masiku ano amakhala pamphasa pakhonde, atatsamira khoma, ine ndikabwera kuthandala ndimawamwetsa phala ndi supuni. Baibulo ndimawawerengera ine, ngakhale kuwerenga kwanga n'kopunthwapunthwa. Ndikatsegula pena amabuula mpaka nditabwerera patsamba lawo lija, limene lada ndi chala chawo.

Tsiku lina masana, chaka chathachi, ndinawerenga mpaka pamene mfumu ikuitana anyamata aja, iwo n'kutuluka, akuluakulu n'kuwazungulira kuwanunkhiza zovala. Ndinatseka buku. Sindikudziwa chimene chinandigwira, kaya ndi chipongwe changa chakale, kaya ndi mkwiyo. Ndinawafunsa monga ndinkawafunsira akachedwa kuntchito.

"Nanga wachinayi uja, abambo? Munamupeza?"

Anandiyang'ana. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera pang'ono, ndipo ndinazindikira kuti akuseka. Kenako anadzutsa dzanja lamanzere, limene limagwira ntchito. Analidutsitsa pachifuwa movutikira, thukuta likutuluka pachipumi, mpaka linafika kumanja, kumbali yawo yakufa ija. Anasisita mphasa pamenepo, pafupi ndi mwendo wosayenda, monga umachitira posonyeza pamene pakhala mlendo.

"Sanatuluke?" ndinafunsa.

Anapukusa mutu kuti ayi, sanatuluke. Anasisitanso mphasa.

Ndinayang'ana pamalopo. Panali mphasa yokha, yothothoka m'mphepete, ndi nyerere ikukoka kanjere ka mpunga. Ndinawauza kuti ine sindikuona munthu, ndipo ngati alipo ali ndi mlandu ndi ine, adzandiyankhe. Ndinawapukuta malovu ndi nsonga ya chitenje n'kupita kukatenthetsa phala.

Mpaka lero sindinamuone, ndipo mlandu wanga ndi iye sunathe. Koma powamwetsa phala ndimakhala kumanzere. Beseni, chikho, ngakhale nkhuku ikafuna kugona kumanjako, ndimachotsa.